Mizimu Siipereka Lisiti

M'mudzi wina, umene dzina lake sititchula poopa kuchititsa manyazi ana ake, mjigo unawonongeka, ndipo ndalama zoukonzera zinamera miyendo. Ana anayamba kutsekula m'mimba ndi madzi akudambo.

A Lufeyo Kachingwe, Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yoyang'anira Makomiti Onse a Chitukuko, anaitanitsa msonkhano.

"Chatipha ndi chizungu," anatero akusisita mimba. "Makolo athu analibe banki, koma wakuba ankatupa. Tibwerere kumiyambo."

Anthu anaomba m'manja, nasonkhanso. Ndalamazo zinaikidwa mumtsuko, mtsukowo kukachisi, kuti mizimu izilondera. Mwambo, monga anaumasulira a Kachingwe, unkalola anthu atatu okha kulowako: iwowo, msungichuma ndi mlembi.

Mizimu ya m'mudzimo inapezeka kuti ndi yadyera. Mwezi uliwonse inkafuna nsembe ya nyama. Masese inawakana, inkamwa wam'mabotolo, wozizira. Itakhuta inapemphanso malata, amene anakhomedwa panyumba ya Wapampando poti kachisi anachepa. Paja mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Mjigo unali chifere. Mayi Nankhoma, amene mwana wawo anali atagonekedwa kuchipatala, anagwada pabwalo mwaulemu.

"Bambo Wapampando, mumtsuko muja mwatsala zingati?"

"Mayi, mizimu siipereka lisiti. Wofunsa za kukachisi amaputa tsoka."

"Zikomo, bambo. Mwambo ndi mwambo."

M'mawa mwake a Kachingwe anapeza amayi a mudzi wonse pakhomo pawo, atsibweni a akazi awo ali patsogolo. Pansi panali mkeka wopinda, khasu ndi kasutikesi kamene anabwera nako pokwatira.

"Poti tabwerera kumiyambo," anatero mayi Nankhoma, "takumbukira kuti inu muno ndinu mkamwini. Anzanu awiri aja chimodzimodzi. Mkamwini akadya mbewu amabwezedwa kwawo. Malata musiye, ndi a mizimu."

A Kachingwe anacheukira akazi awo. Mayiwo anali kalikiliki kuwapindira malaya.

Wapampando anakonza kukhosi. "Anthu inu, zachikalezi mudzazisiya liti? Dziko lili pa demokalase! Ndikukasuma kukhoti, ufulu wanga waphwanyidwa!"

Amayi anawasenzetsa kasutikesi nawaperekeza ndi nthungululu mpaka kumsewu, chifukwa mwambo sulola mlendo kuchoka yekha.