Kasupuni ka Alamu

Alamu, pepani pokuvutitsani ndi mapepalawa. Ndimalembera ine ndekha, koma ndaona kuti pakamwa sindingathe kukufotokozerani.

Lolemba
Kasupuni kowedzera ka alamu kali m'manja mwanga. Kachitsulo konyezimira, mbedza zitatu kumchira, nyambo sikafuna. Anawapatsa ndi bwana wawo wa ku Kansenshi ku Ndola, ndipo alamuwo pondibwereka atsindika kuti, "Mubweze, kulibenso kena." Ine ntchito yanga kumgodi ndi yolandira nyali za anthu otuluka pansi. Chotuluka chimabwerera pamalo pake, ndi mmene ndimadziwira. Tsono chinthu cha eni ake ndikachiponye dala mumtsinje wa Kafue? Akazi anga, mayi a Jesi, auza kale anzawo onse a muno mu Wusakile kuti sabata ino tidya nsomba. Kalanga ine!

Lachiwiri
Ndaweruka, ndakwera njinga mpaka kumtsinje. Zoopsa zimene ndaona: bango, udzu wa m'madzi, mkuyu waukulu wogwera mumtsinje nthambi zili yangayanga. Ndasankha pamchenga poyera, pooneka pansi. Ndiponya, ndikulunga chingwe pachitini, ndiponya. Kasupuni kakubwerera bwinobwino. Nsomba palibe. Mdala wina wa Chibemba wakhala pa mkuyu uja ndipo akungozula mpende, zija zonga chambo. Akuti mwa ulemu wa kwawo, "Mukwai, mukukasambitsa kasupuniko?"

Lachitatu
Ndiphunzirire kaye pakhomo. Ndaika beseni pabwalo kuti ndiziponyamo. Zimene zakodwa: waya woyanikira zovala, mpanda, bulawuzi ya Mvano ya mayi a Jesi. M'beseni simunalowe kanthu. Amayiwo akuti, "Bambo a Jesi, nsomba zake ndi zimenezi?" Ine ndinali kalikiliki kukolowola bulawuziyo.

Lachinayi
Nzeru yabwera ndili pantchito. Chimene chimakodwa si supuni, ndi mbedza! Ndatenga nyundo, ndapindira zonse zitatu mkati mosamala kwambiri. Ndayesa pa bulangete, sikakukodwa. Ndayesa pampanda, sikakukodwa. Bwanji azungu sanaganize zimenezi?

Lachisanu
Lero ndaponya pa mkuyu penipeni, mtima uli m'malo. Kakudutsa m'nthambi ngati sopo. Kenaka chingwe gwi! Chinsomba chachikulu ngati mkono, ndachiona ndi maso angawa. Chalawa kasupuni, chalavula, chapita. Chabweranso china, chimodzimodzi. Mdala uja wayang'ana mbedza zanga, waseka mpaka kutsokomola. Akuti, "Chosagwira mtengo chigwira bwanji nsomba?" Ndiye kuti kuti kagwire nsomba kayenera kutha kukodwa, ndipo kuti kasakodwe kayenera kusagwira nsomba. Ndaganizira zimenezi njira yonse, mpaka ndapitirira nyumba yanga.

Loweruka
Ndawongola mbedza. Ndapemphera mwachidule. Ndatsinzina, ndaponya pakati pa nthambi. Kakodwa nthawi yomweyo. Ndakoka pang'ono, ndakoka kwambiri, ndapita kumanzere, ndapita kumanja. Zii. Ndayamba kuvula nsapato, mdala akuti, "Pamenepo pali mwini wake," nandilozera mphuno ziwiri za ng'ona. Ndavalanso nsapato. Chingwe ndachimanga pachitsamba mfundo yolimba.

Chodabwitsa ndi ichi. Mantha atha! Mdala wandibwereka mbedza wamba ndi nyongolotsi, ndaponya pa nthambi zomwezo osasamala. Mpende zikungobwera. Mbedza imodzi ya mdala yatsalamo, iye sanatembenuke n'komwe. Mayi a Jesi ayenda nazo nsombazo mzere wonse wa nyumba kuonetsa anthu. Akuti kasupuni ka achimwene awo n'kamphamvu. Sindinawatsutse.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinamve ulaliki. Pobwera ndadzera kumtsinje. Kasupuni kalipo, dzuwa likawomba kakuoneka kung'anima pansi pa nthambi yachiwiri. Ng'ona nayo ilipo. Kuwedza pakati pa nthambi ndadziwa tsopano, koma chowedzera chake ndilibe.

Alamu, ine kumgodi nyali imene tikudziwa pamene ili sitinena kuti yatayika. Kaya kwa inu zili bwanji. Mpende ziwiri zazikulu taziwamba, zikukudikirani. Chonde ndiyankheni lisanafike Lachinayi, chifukwa mlongo wanu, mayi a Jesi, akubwera kwanu ku Ndola tsiku limenelo ndipo akuti adzakubwezerani kasupuni ndi manja ake. Ndiwapatse nsombazo, kapena mubwera nokha mudzakaone pamene kali?