Tsiku limene ndinayeza chipinda ndi msana

Nkhani iyi ndaibisa chaka chathunthu, koma poti kuno ku Zemba ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola muimve kwa mwini wakene. Manyazi ake ndi anga, ndiwasenze ndekha.

Tinkamanga nyumba yatsopano, ya njerwa zootcha ndi malata. Pulani ndinajambula ndekha ndi rula, m'kope lakale la mwana wanga Tisa, kuti giredi 12 yanga igwireko ntchito. Khomo ndinalilozetsa kumadzulo kuti mphepo ya mu Julayi isamatithire fumbi m'mbale. Pabalaza mazenera awiri, kutsogolo khonde lalikulu lotongolerapo chimanga.

Zonsezi amuna anga, aTembo, anavomera. Tinasiyana pa chipinda chogona. M'nyumba yakale chitseko chinkagunda bedi, moti zaka khumi ndi zisanu ndinkalowa chammbali, mimba nditaibweza. Ndinapempha kuti tiwonjezere mita imodzi yokha.

"Amake Tisa, m'chipinda mumagonamo, simuvinamo chimtali," anatero. "Mita imeneyo ndi uvuni wina wa njerwa. Aumbe ndani?"

Ine si munthu wa mawu ambiri. Ndinangoti, "Chabwino."

Lachinayi lina mmisiri wathu, aMwale, anakhoma zikhomo n'kukoka zingwe zosonyeza zipinda. Masana ndinawatengera thobwa, koma ndinapeza atapita kukadya, tepi yawo yoyezera atapita nayo m'thumba. ATembo anali kudambo koumba njerwa. Nditayang'ana zingwe zija, mtima unangoti myuu! Chipinda chake ngati khola la nkhunda!

Apo ndinakumbukira kuti ku kiliniki anandiyeza msinkhu, mita imodzi ndi theka ndendende. Ndikagona kawiri, mita zitatu. Masamu osavuta. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinavula mapatapata n'kugona chagada, zidendene pachingwe, manja m'mbali, kuti muyeso usakhote. Dzuwa la Okutobala linali paliwombo, ndiye ndinatsinzina, n'kumawerengera mumtima pothera bedi ndi pozungulira chitseko.

"Mayo ine! ANaphiri agwa! Thamangani kuno!"

Anali aNabanda, oyandikana nawo nyumba, akuchokera kuchitsime.

Ndinkati ndidzuke tiseke. Koma ndisanatukule mutu, ndinamva mapazi ambiri. Amayi a chigwirizano, akuchokera kutchalitchi ndi yunifomu zawo, paja Lachinayi ndi tsiku lawo lokumana! Tcheya wawo, aNambewe, anagwada kumutu kwanga.

"Tiyeni tipemphere."

Inu, munthu woleredwa mumpingo, mungadzuke pemphero lili pakati? Ndinati ndidikire Ameni. Vuto lake, aNambewe sathamangira Ameni. Anapempherera ine, ana anga, maziko a nyumba, kenaka n'kubwereranso kwa ine.

Nditasuzumira ndi kadiso kamodzi, anthu anali atadzaza balaza lonse, ena kukhitchini, ena ataima m'bafa, onse akudumpha zingwe mwaulemu. Wina anandifunditsa chitenje kumapazi kuti asapse. Wina anavula mpango wake n'kundiika pansi pamutu. Wina ankandikupiza ndi lichero, pang'onopang'ono ngati khanda. Anthu akukuchitira zabwino chonchi, uyambira pati kunena kuti umangoyeza bedi?

"Ndi bipi imeneyi."

"Ayi, shuga. Mlamu wanga anagwa chonchi."

"Kapena ndi pakati?"

"Pa msinkhu uwu? Asa!"

Apo ndinatsala pang'ono kuyankha.

Kenaka madzi otsala m'ndowa ya aNabanda, khuthu pankhope panga! Sindinaphethire. Ndikanakhala pasukulu akanandipatsa mphoto ya sewero.

Posakhalitsa ngolo ya aBanda, amuna a aNabanda, inafika yoti indiperekeze ku kiliniki. Anandinyamula anthu asanu, mmodzi akudandaula kuti, "Amaoneka ochepa thupi, koma mmm!"

Ng'ombe zitangoyamba kuyenda, aTembo anatulukira akuthamanga, matope mpaka m'mawondo. Analumphira m'ngolo n'kuika mutu wanga pamwendo pawo. Munthu amene chikwatiranireni sanandigwirepo dzanja pagulu!

"Amake Tisa! Amake Tisa, ndiyankheni!"

"Tawapeza m'chipinda chogona," anatero aNabanda, amene anakhala kumapazi kwanga. "Paja mumawakaniza chiyani, aTembo? Anthu ofatsawa amasungira mumtima."

ATembo anafuula.

"Ndi mita ija! Amake Tisa, dzukani, tiwonjezera! Njerwa ndiumba ndekha, ngakhale mauvuni awiri. Amve onse ali panowa!"

Pulani yanga inali yabwino kwambiri. Ndinkati tikafika ku kiliniki ndikatsegule maso pang'onopang'ono, ndifunse ndi mawu ofooka kuti, "Kodi ndili kuti?" Koma pakamwa panandithawa. Maso ali chitsinzinire, ndinangomva mawu anga, omveka bwino ngati ndikuwerenga Mawu kutchalitchi:

"Mbali ya chitseko, osati ya zenera."

Zii! Ngakhale ng'ombe zinaima.

Ndinatsegula maso. Mudzi wonse unali pambuyo pa ngolo, ukundiyang'ana. ANambewe anayang'ana ine, n'kuyang'ana mapatapata anga amene anandinyamulira, aja ndinawaika bwinobwino pambali ndisanagone. Ndinaona kuti azindikira. Ankalimbana ndi phwete. Kenaka anakweza manja.

"Amayi, pemphero layankhidwa! Tiyeni nyimbo!"

Mayi ameneyo sindidzamuiwala. Ngolo inatembenuka, tinabwerera ndi nyimbo ndi nthungululu, ine nditakhala tsonga, tsitsi lili chonyowa, ndikugwedeza mutu ngati mkwatibwi.

Tinafika pakhomo. Ponditsitsa aTembo anandinong'oneza kuti, "Ndiye kuti mumamva zonse?"

"Ndimamvera patali, bambo ake Tisa. Ngati kumaloto."

"Malotowo anali ndi muyeso, eti?"

Koma mawu anali atanenedwa pamaso pa chigwirizano chonse, obweza panalibe. M'mawa mwake aMwale anasuntha zikhomo, mbali ya chitseko. Atamaliza anandipatsa tepi yawo ndi manja awiri. "Mayi, iyi izigona kwanu mpaka nyumba ithe. Msanawo muusunge."

Lero nyumba inatha. Chitseko cha kuchipinda chimatseguka mpaka kukafika kukhoma, osagunda kanthu. Nthawi zina ndimachitsegula popanda chifukwa, n'kulowa molunjika, mapewa onse awiri nthawi imodzi. ATembo nawonso njinga yawo imagona momwemo, ndipo akabwera alendo amati, "Mita iyi ndinaiganiza ndine." Ine ndimangoti, "Eya."

Sabata yatha aNabanda anabwera kudzabwereka lichero. Anaima pakhonde, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenaka n'kundinong'oneza:

"Anzanga, aBanda akundikaniza khitchini. Kodi munthu amagona mutu utaloza kuti?"

Ndinawauza kuti mutu ulibe ntchito, chachikulu likhale Lachinayi.

Poyeza nyumba bwerekani tepi, koma poikulitsa onetsetsani kuti mboni zilipo.