Ndinafulumizitsa kasileti ka apongozi

Anzanga kusukulu kumene ndimaphunzitsa amadziwa kuti ndinasiya kugwira mafoni a anthu chifukwa cha maso. Bodza lenileni. Maso anga ali bwinobwino, ndimalowetsa ulusi pa singano popanda kuphonya. Chinandisiyitsa ndi manyazi, ndipo lero ndati ndiulule, mwina mtima ungapepukeko.

Ine ndine mkamwini. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatira kuno ku Mulanje, m'munsi mwa phiri kufupi ndi Likhubula, ndipo nyumba yanga ili pamalo pa apongozi anga aakazi. Pakhomo pano mwambo ndi wolimba: ine ndi apongoziwo sitiyang'anana m'maso. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'nthochi (nthawi zonse amakhala ine, ndipo lunguzi limandidziwa bwino). Moni timapatsana chapatali, ine nditanyonyomala. Nkhani ikakhalapo imadzera mwa mkazi wanga Esinati, ngakhale tonse atatu tili pabwalo limodzi.

Tsono mkamwini amadziwika ndi ntchito, ndipo apa ndi pamene ine ndimalephera. Mizere yanga kumunda imakhota. Mkamwini mnzanga, mwamuna wa mng'ono wake wa Esinati, anawafolera nyumba apongozi, anawakumbira chimbudzi, mpaka kuwamangira khola la nkhuku lokhala ndi kachitseko. Ine chimene ndinali nacho ndi mbiri yoti ndimadziwa mafoni. Kunena zoona, luso langa linali limodzi: foni ikamachedwa, ndinkafufuta chilichonse chachikulu, basi imathamanga. Anthu ankandipatsa ulemu ngati ndinapitako kusukulu yake.

Apongozi anali ndi kamakina kowerengera mabuku, kopyapyala, kotuwa, kamene mlamu wanga Jowaki anawabweretsera kuchokera ku Joni. Ubwino wake zilembo umazikulitsa mmene ukufunira, ndiye maso awo ndi ofooka. Pakhomo tonse tinkakatcha kasileti. Masana aliwonse, akachokera kumunda, ankakhala pakhonde n'kukaika pamiyendo. Ine ndinkaonera chapatali ndili pansi pa mtengo wa mapeyala. Akadina, kasileti kamaphethira kaye, n'kuda, n'kuyera, tsamba osabwera. Munthu ukanatha kusenda nthochi, kudya, kutaya khoko, tsamba lisanatseguke. Iwo n'kumangodikira, mutu uli pansi. Zinkandipweteka mtima, ndipo ndinaona kuti khola langa la nkhuku ndi limeneli.

Ndinamuuza Esinati kuti kasileti ka amayi kakudwala ndipo ine mankhwala ake ndikuwadziwa. Anandifunsa ngati amayiwo anadandaula. Ndinati sangadandaule, ndi munthu waulemu. Iye anangoti ndizisiye, n'kupitiriza kusadzula chigwada. Ndinamva ndithu (ndikutero kuti musaganize kuti sanandichenjeze).

Mpata unapezeka Lachinayi. Tsiku limeneli azimayi amapita kutchalitchi masana, Esinati nawo, ndipo apongozi ankasiya kasileti kwathu kuti kadye moto, popeza sola ili padenga pathu. Atangokhota pangodya ya munda wa tiyi, ine ndinasamba m'manja n'kukhala patebulo.

Ndinayamba ndi zaulemu. Ndinakapukuta ndi kansalu. Ndinakauzira mpweya pa kabowo kotchajira. Ndinakathimitsa n'kukayatsa kawiri. Ndinatsegula Baibulo, ndipo masamba ankatembenuka bwinobwino. Buku la nyimbo chimodzimodzi. Apa munthu wanzeru akanati palibe chawonongeka, n'kupita kukagona. Ine ndinati matenda abisala.

Ndinawapeza. Pansi pa mndandanda panali buku lopanda dzina, manambala okhaokha, ndipo kukula kwake linkaposa Baibulo ndi nyimbo kuphatikiza pamodzi. Nditalidina, kasileti kanaphethira, n'kuda, n'kuima. Ndinadikira mpaka mwendo unayamba kugwedezeka wokha. Kenako panatuluka chithunzi chotuwa chokhala ndi mathothomathotho ngati pepala lokulungira zitumbuwa. Ndinaseka ndekha. Ndinati Jowaki analowetsamo zinyalala osadziwa, ndipo amayi okalambawa amazidina molakwitsa n'kumavutika nazo. Tsamba lachiwiri sindinalidikire.

Kasiletiko kanandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikizadi kufufuta. Kanafunsa kawiri. Ine mphunzitsi wa Chingerezi sitandade sikisi, sindinganame kuti sindinamve. Ndinavomera kawiri konseko, ndi chala chonyada.

Abale anga, kanathamanga. Ukangokhudza, tsamba latembenuka kale. Azimayiwo atabwerako ndinamuuza Esinati kuti akawapatse apongozi kasileti kawo, ndipo awauze kuti akaona kusintha asadabwe, ndi ntchito ya manja a mkamwini wawo. Ndinakakhala pansi pa mapeyala paja, nditatembenuka cham'mbali mwaulemu, makutu ali tcheru kudikira kuyamikidwa. Ndinakonzeratu ndi yankho lomwe, loti aaa, n'zazing'ono izi.

Patapita nthawi ndinamva apongozi akuitana Esinati motsitsa. Anayankhulana m'Chilomwe, chimene ine ndimangomvako moni ndi kuitanira chakudya. Kenako ndinaona mkazi wanga akubwera, kuyenda kwake kosakhala bwino, chitenje atachimanga m'chiuno.

"Kodi buku la bambo mwaliika kuti?"

Ndinati buku liti. Anandifotokozera mmene umafotokozera mwana wobwereza kalasi. Malemu bambo ake anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, n'kukhazikika kuno, ndipo ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri mpaka ku Chambe. Akafika pamwamba, alendo akupuma, iwo ankalemba m'kope: mudzi umene anausiya, mayina a abale awo, amene anafera m'njira ndi pamene anawaika, mitsinje imene anawoloka ndi mkazi wawo, mwana ali kumsana. Anamwalira ine ndisanafike pakhomo pano. Jowaki anajambula kopelo tsamba lililonse n'kulowetsa m'kasileti kuti amayi azitha kukulitsa zilembo. Kope lenilenilo linapita ndi mvula yamkuntho ija inagwetsa khoma la nyumba yawo. Mathothomathotho amene ndinawasekawo anali a pachikuto chake.

Ndinati bwanji sanandiuze. Anati anandiuza kawiri, ine ndili kalikiliki ndi mpira pawailesi.

Ndinaimbira Jowaki ku Joni kumufunsa ngati zithunzizo akadali nazo. Anati foni imene anajambulira inabedwa kalekale, ndipo anafuna kudziwa chifukwa chimene ndikufunsira. Nditamuuza, anasiya Chichewa n'kulowa Chilomwe. Anayankhula nthawi yaitali ndithu. Esinati anakana kunditanthauzira, akuti tikadali m'banja.

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka ku Limbuli, kumene kuli mkulu wina wotchuka kuti amadzutsa mafoni akufa. Ulendo wonsewo ndinali kupemphera, kasileti kali m'thumba la pachifuwa. Mkuluyo anakalumikiza ku kompyuta yake, anadinadina, n'kundifunsa kuti anafufuta ndani. Ndinati munthu wina kunyumba. Anati munthu ameneyo ndi mbuli, chifukwa kamakinaka kamafunsa kawiri. Ndinavomereza kuti ndi mbulidi. Anayesa zonse zimene amadziwa, koma pomaliza anandibwezera n'kuti zapita, sizibweranso. Pobwerera sindinakhale kuzenera, kuopa kuti anthu angandione.

Tsono upepese bwanji munthu amene sungamuyang'ane? Ndinanyonyomala kumapeto kwa bwalo, chipewa m'manja, maso pa nyerere. Apongozi anakhala pakhonde atayang'ana kuphiri. Esinati anaima pakati. Ndinanena zonse, kuti ndalakwa, ndinathamanga, palibe anandituma. Esinati ankabwereza mawu anga kwa amayi ake ngakhale iwo ankamva okha, ndipo ankawonjezerako zina zimene ine sindinanene, monga zoti ndine wosamva. Ndikanakonda akanandikalipira. Sanatero. Anangoti amuuze mphunzitsiyo agule kope ndi cholembera, popeza kulemba ndiye ntchito yake.

Ndi mmene tinayambira. Masana aliwonse ndikaweruka, apongozi ankakhala pamkeka atayang'ana phiri, ine pakampando kumbuyo kwawo nditayang'ana nthochi, misana itapenyana. Iwo ankanena zimene zinali m'kope muja, pamtima, ine n'kumalemba. Mawu a Chilomwe Esinati ankanditchulira pang'onopang'ono, ndipo ndikalakwitsa ankandigogoda paphewa ndi chikombe. Mkamwini mnzanga ankadutsa ndi khasu lake n'kundipatsa moni mokweza kuti, mwaswera bwanji alembi. Anthu opita kuchigayo ankachepetsa liwiro. Mudzi wonse unadziwa, palibe anafunsa.

Zambiri ankazikumbukira mondidabwitsa, mpaka mtengo umene anagona pansi pake atawoloka malire. Koma nthawi zina ankafika pa dzina n'kuima. Ankayesa, n'kulibwereza chamumtima, osabwera. Kenako ankauza Esinati kuti mphunzitsi asiye mpata. Mipata imeneyo inkandilasa kuposa chipongwe cha mkamwini mnzanga, chifukwa uliwonse ndi munthu amene anali ndi dzina mpaka Lachinayi lija.

Tinatha patapita masabata angapo. Ndinakopera zonse m'kope latsopano ndi zilembo zikuluzikulu, zoongoka, zimene ndimalemba pabolodi kukamabwera oyendera sukulu. Ndinalikutira ndi pepala lakhaki. Ndisaname, kamtima kaja kanayambanso kudzuka: ndinkaona kuti langali likuwerengeka bwino kuposa chithunzi chotuwa chija, ndipo silichedwa kutseguka. Esinati analipereka. Ine ndinanyonyomala pamalo panga.

Ndinamva masamba akutembenuka, limodzi, lachiwiri, lachitatu. Kenako anatseka. Ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire changa pakhomo pano, apongozi sanadzere mwa mwana wawo. Anayankhula ndi ine, m'Chichewa, mofatsa.

"Akamwini, mwalemba bwino. Mawu ndi omwewo."

Ndinaomba m'manja pang'ono, n'kuti zikomo amayi.

"Koma mawuwa ine ndimawadziwa kale, mwaona nokha. Sindinkawerenga ayi. Ndinkayang'ana dzanja la amuna anga."

Esinati analowa m'nyumba, ine ndinatsala pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi.

Kopelo amalisunga m'sutikesi, ndipo amati adzukulu adzaliwerenga. Kasileti kakuthamangabe, amawerengera Baibulo Lachinayi m'mawa, koma masana aja a pakhonde anatha. Akachokera kumunda amangokhala, manja ali pamiyendo. Ine ndimawaona ndili pansi pa mapeyala. Ndinaphunzira kufunsa ndisanagwire chinthu cha mwini, ndipo ndimafunsadi, mpaka Esinati amatopa nane. Kungoti amene ndinayenera kuwafunsa tsiku lija anali pafupi, nyumba yoyang'anana ndi yanga, ndipo Esinati akanandifunsira ndi mawu awiri okha.