Kwa a Shado Athu, pa Nkhani ya Maenvulopu Amene Akuti Ndinapungula

Kwa Olemekezeka a Shado,
Oyembekezera kukhala phungu wa dera lathu,
Kulikonse kumene muli.

Bwana,

Monire. Ndikhulupirira kuti muli bwino, pamodzi ndi amayi kunyumba ndiponso foni yanu, imene masiku ano ikungolira osayankhidwa. Ndine Manase Luhanga, mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale yoyendera kufupi ndi Mlowe (kuno mphunzitsi amati asambizgi), mkulu wa mpingo, komanso mlembi wa komiti ya anthu okutsatirani. Mwina mukundikumbukira: ndine uja ndinakugwirirani ambulera pamaliro ku Chiweta, ine nkumanyowa. Mundikhululukire polemba kalata yoti aliyense aone. Mwaulemu wake ndikanaiika mu envulopu, koma ine ndi envulopu tinadana, ndipo mumva chifukwa chake.

Choyamba, ndithokoze potilola kukukondani ndi ndalama zathu. Pamene tinkasonkha za kampeni, amayi ogulitsa usipa anapereka, akabaza anapereka, ngakhale anamwino opuma pantchito anamasula kansalu. Inunso simunatsale: munatitumizira chithunzi chanu pa foni, chija munajambulitsa musananenepe. Yewo chomene.

Tsiku lokambirana ntchito ya ndalamazo, Amama Lena NyaMkandawire, amene amatsogolera amayi a nsomba ku Mlowe, anati tigule zitenje kapena tichite hayala lole ya chimkuzamawu. Apa mpamene ine ndinaimirira, nkukonza tayi. Ndinawauza zimene ndinaphunzira ku koleji, kuti nyimbo imapita ndi mphepo, chitenje chimasuluka, koma kalata yolembedwa dzina la munthu imalowa m'nyumba nkukhalamo. Ndinafotokoza, ndinabwereza, ndinajambula pabolodi. Amayi ena ananyamuka kukatembenuza usipa pa thandala, ndipo otsalawo anavomera. Ine ndinkayesa ndawagonjetsa ndi mfundo. Pano ndikuona kuti anangofuna kupita kwawo.

Chachiwiri, kalatayo. Ngakhale simunaiwerenge, dziwani kuti inali yabwino. Inali ndi masamba anayi, Chitumbuka kutsogolo, Chingelezi kumbuyo, ndipo pakati panali mapu a misewu imene mudzakonze, okhala ndi sikelo komanso kamuvi koloza kumpoto. Ndinapita ndekha ku Mzuzu kukasindikiza, ndipo makalata oyamba ndinawabweza chifukwa inki inabiriwitsa khutu lanu. Mayina pa maenvulopu ndinalemba pamanja, ndikufunsa kaye chiwongo cha mayi aliyense, poti kuno ukaphonyetsa chiwongo voti yapita. Kenako ndinamata ndi guluu kawiri, poopa chinyezi cha kunyanja. Popeza anthu athu alibe mabokosi a ku positi, ndinayenda ndekha khomo ndi khomo, nditavala jekete. Envulopu iliyonse ndinkapereka ndi manja awiri, nditawerama pang'ono, ndikunena motsitsa mawu kuti, "Izi zachokera kwa a Shado, mukatsegule mukakhala phee kunyumba."

Anthu anandilandira mwa njira imene sindinalandiridwepo chiyambire uphunzitsi. Agogo ena anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Bambo ena anandipatsa kampango wathunthu. Nditafika kunyumba ndinauza akazi anga, a Hellen, kuti demokalase yakhwima m'dziko muno, anthu ayamba kukonda mfundo. Iwo anayang'ana nsombayo, nkuyang'ana ine, nkunena kuti, "Adada ake Lusungu, munthu angakupatseni kampango chifukwa cha mapu?" Ndinawayankha kuti vuto lawo nlakuti sakhulupirira anthu.

Chachitatu, zimene koleji sinandiphunzitse, ngakhale mwana wa sitandade wani kunyanja kuno amazidziwa. Nthawi ya kampeni, envulopu yochokera kwa wandale, yomata bwino, yoperekedwa monong'ona, imakhala ndi chinthu chimodzi chokha, ndipo chinthucho si mapu. Ndamva kuti anthu atatsegula anakutumula masamba onse anayi. Ena anawaunika padzuwa. Bambo a kampango aja anang'amba mapu pakati, poganiza kuti mwina ndi mapepala awiri omatana. Palibe amene anaganiza kuti munthu wamkulu ngati inu angatumize envulopu yopanda kanthu. Choncho onse anagwirizana kuti munali kanthu, ndipo kanthuko kanatha panjira. Panjirapo panali ine ndekha.

Chachinayi, za kumtunda, kwa mabanja a ku mishoni. Kumenekonso envulopu ili ndi tanthauzo lake. Mkulu wa mpingo akafika pakhomo atavala tayi, atanyamula envulopu yolembedwa dzina lako, umadziwa kuti denga la tchalitchi likudonthanso. Zimene ndinkanong'ona zija palibe anazimvetsera, onse ankangoyang'ana tayi. Ena atandionera patali anatseka zitseko. Koma ambiri ndi anthu olongosoka: anatsegula bwinobwino ndi mpeni, kalata nkuiika pambali, nkulowetsamo ndalama. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anayamba kundibwezera maenvulopu aja mmodzimmodzi, uku akupepesa kuti mwezi uno ngovuta. Ndinayesa kukana, iwo nkumati ndisachite manyazi, ntchito ya Mulungu ndi ya tonse.

Munthu wina akanangowasiya m'chikwama. Ine, posafuna kusokoneza za anthu, ndinakhala pakhonde masana omwewo nkuyamba kutsegula imodziimodzi, kuti aliyense ndimubwezere zake zenizeni. Ndinatenganso guluu woti ndimatirenso. Nthawi imeneyo ndi imene NyaMkandawire anatulukira ndi amayi anzawo atatu, kudzafunsa za mphekesera zimene zinali kunyanja. Anandipeza ndili ndi mulu wa maenvulopu a kampeni yanu aja, ndalama kudzanja lamanja, guluu kudzanja lamanzere. Bwana, ndakhala ndikuweruza milandu ya ana asukulu zaka zambiri, koma umboni wokwanira chonchi sindinauonepo. Ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga ndekha. NyaMkandawire sanakalipe. Anangomanga bwino chitenje nkunena kuti, "Yewo asambizgi, pitirizani. Tisakusokonezeni muli pantchito." Ndinawathamangira kuti ndiwafotokozere, ndalama zidakali m'manja.

Chachisanu, ndiyamikire luso lanu. Pamsonkhano wanu wa ku Chiweta, amayi atakufunsani za maenvulopu, munamwetulira nkuyankha kuti, "Amama, ine chilichonse chimene ndili nacho ndimapatsira a komiti. Ngati sichinafike, mufunse a mlembi." Ndaganizira mawu amenewa mbali zonse, ndipo sindinapezemo bodza. Chithunzi munatipatsadi. Anthu anaomba m'manja, ena analulutira, nanenso ndinaomba pang'ono poopa kuoneka ngati ndili ndi mlandu.

Tsono funso limene komiti inandituma kuti ndiyankhe ndi lakuti: kodi makalata aja inali njira yabwino yogwiritsira ntchito ndalama za anthu? Ndafufuza mosamala. Anthu amene awerenga kalatayo mpaka kumapeto ndikudziwapo awiri, ine ndi abusa, ndipo abusawo akuiwerenga ngati umboni. Amayi a pamsika akuti pepala lake nloterera, silikulungika usipa, ndipo akupempha kuti ulendo wina tidzasindikize pa pepala la nyuzi. Maenvulopu okha ndiwo akuyamikiridwa, akuti akusunga bwino mbewu ya tomato. Komabe ndiyenera kunena chilungamo: kampeni imeneyi yatheka kuposa zitenje ndi chimkuzamawu. Lero kuyambira ku Mlowe mpaka ku Chiweta, aliyense akudziwa kuti a Shado ndi munthu wopatsa, kungoti ali ndi mlembi wakuba. Mbiri yotereyi ena amaigula ndi matumba a chimanga. Inu mwaipeza ndi ndalama za amayi a usipa, kuphatikizapo dzina langa. Mfundo yanga ija inali yoona: kalata yalowadi m'nyumba ndipo yakhalamo.

Sindikudandaula, Bwana, ndikungokudziwitsani mmene zinthu zilili. Ana a Fomu 2 ndikalowa m'kalasi amayamba kukutumula makope awo. A Hellen akapita kukagula nsomba amawakwezera mtengo, nkuwauza kuti yapamwambayo akatenge mu envulopu. Ku Umanyano, gulu la amayi a mpingo, anzawo akuwapempherera mokweza, motchula dzina. Ine BP yakwera, ndipo a dokotala akuti ndichepetse kuganiza, ngati kuti pali ntchito ina imene ndimaitha. A kumtunda aja ndinawabwezera zawo, koma nawonso akhumudwa, akuti mkulu wa mpingo sasonkhetsa za ndale pogwiritsa ntchito tayi ya Mulungu. Kotero kunyanja ndine wochotsa ndalama mu envulopu, kumtunda ndine woikitsamo.

Chachikulu nchakuti Sesheni, bwalo la akulu a mpingo, yandiitana Loweruka likudzali. Bambo anga anali mkulu wa mpingo womwewu, agogo anganso chimodzimodzi, ndipo palibe mwa iwo amene anakhalapo pabenchi ya oyankha mlandu. Akandipeza wolakwa andiimitsa ukulu ndi Mgonero womwe. Ndakonza kale mayankho anga, masamba asanu ndi limodzi, koma a Hellen akuti ndikangowatulutsa m'chikwama iwo akubwerera kwawo ku Kazuni. Akuti chimene chingandipulumutse si pepala linanso, koma pakamwa panu.

Pempho langa nlaling'ono. Mubwere Loweruka m'mawa, muime panja pa tchalitchi pamene NyaMkandawire ndi anzawo angakumveni, munene m'Chitumbuka chomveka bwino kuti inu simunaikemo kanthu mu envulopu iliyonse, ndiponso kuti chiyambire kampeni simunapatsepo munthu kalikonse, ngakhale a komiti, kupatula chithunzi chija. Musaope. Lamulo limaletsa andale kugawa ndalama pa kampeni, ndipo m'boma lonse la Rumphi sindikudziwa wina amene walisunga mokhulupirika ngati inu. Ndi nthawi yoti mudzitamandire. Komanso mawu amenewa si lonjezo, ndiye sadzafunika kukwaniritsidwa. Mboni zilipo zambiri: akabaza amene amakuperekezani ndi mafuta awo, kwaya imene inakuimbirani tsiku lonse nkubwerera ndi njala, ndi ine wa ambulera.

Mukalephera kubwera ndidzamvetsa. Mukadzapambana tidzakhala tikukudikirani chonchi zaka zisanu, ndipo nkwabwino kuti tiyambiretu kuzolowera. Koma ngati vuto ndi mafuta a galimoto, musade nkhawa, ndikulipirirani ndine kuchokera pa malipiro anga. Ndidzakupatsirani pamanja, masana, anthu onse akuona.

Ine wanu wodzichepetsa,

Manase Luhanga
Mlembi wa Komiti,
Mkulu wa Mpingo kufikira Loweruka.