Supuni ya a Sakala ndi Zitini Zamaliseche

Apongozi anga, malemu a Evaristo Sakala a ku Chimwemwe, sankadya kanthu asanakagogode. Ankayenda ndi supuni ya tiyi pa chingwe cha m'khosi, pamodzi ndi kolona. Buledi ankamugogoda, chivwende ankachigogoda, ndipo ine ndemwe anandigogodapo pamphumi tsiku lina nditawauza kuti ndikufuna kugula njinga yamoto. Anamvetsera kanthawi, nati m'katimo muli malo ambiri. Koma chimene chinawatchukitsa mu Kitwe monse ndi zitini.

Mwina mukudabwa kuti munthu angamve bwanji chakudya ndi khutu. Apongozi anagwira zaka makumi awiri pansi pa mgodi, ndipo ntchito yawo inali kulowa koyamba akaphulitsa miyala, atanyamula chitsulo chachitali, n'kumagogoda denga. Mwala wolimba umalira mwina, wofuna kugwera anthu umalira mwinanso. Choncho atayamba kugogoda zitini palibe anatsutsa. Supuniyo inayamba chifukwa cha ukwati wanga, ndipo nkhani yake ndimaikamba ndikukukuta mano mpaka lero.

Chinali chaka cha 1966. Njanji ya kumwera inali pa mavuto, ndipo katundu wambiri ankabwera pa malole kuchokera ku Dar es Salaam, pa msewu umene unkagubuduza magalimoto sabata iliyonse. Zitini zinkafika zopindika, zonyowa, mapepala onse atasupuka. Tinkazitcha zitini zamaliseche. Wakwathu wina wa ku Katete, Absalom Mwale, ankazigula motchipa, natsegula sitolo yake yotchedwa Tsikatsika Supamaketi. Unkalowa, kutenga basiketi, n'kudzisankhira wekha. Ife amene ufulu usanabwere tinkagulira nyama pa kawindo ka kuseri, itakulungidwa kale mu nyuzipepala, tinaona ngati dziko latembenukadi. Pa chitini chilichonse Absalom ankalemba ndi utoto wofiira: NG'OMBE, NSOMBA, JAMU.

Apongozi aakazi, mayi Edna, ndiwo ankaphika pa maphwando onse a kutchalitchi kwathu. Mapoto aakulu a mpingo ankagona kunyumba kwawo. Pa ukwati wa mwana wawo Leah ndi ine anafuna kuti Chimwemwe yonse idye nyama, ndiye anagula zitini makumi anayi za NG'OMBE, chimodzi sikisi pensi. Anaikamo anyezi, matimati ndi kale wokometsera ndiwo. Zinakoma, sindinama. Ine mkwati ndinadya mbale zitatu.

Kenako amalume anga a Ackson, amene anali khukhi kwa mzungu wina ku Riverside, anatola chitini chopanda kanthu nachinunkhiza.

"Asewere," anatero kwa mayi Edna, "nyama iyi ndikuidziwa. Kwa bwana wanga ndimatsegula chitini chimodzi m'mawa uliwonse."

"Mwamva?" anatero mayi Edna kwa anzawo, akumwetulira. "Ndi ya azungu."

"Ndi ya galu wawo."

Amalume aja akanatha kunong'ona, koma anali atamwa, ndipo mawu awo anafika mpaka kwa oimba gitala. Palibe amene anadwala, koma zikanakhala bwino tikanatsegula m'mimba tonse, popeza m'mimba mumapola. Mawa lake mayi Edna akupita kumpopi, wina kuseri kwa mpanda anauwa. Sabata isanathe Chimwemwe yonse inkauwa. Amayi a mpingo anabwera mwaulemu kudzatenga mapoto. Mayi Edna, amene mawu awo ankamveka mizere itatu ya nyumba, anasiya kutuluka pakhomo, ndipo ku Misa ankakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko.

Apongozi aamuna anapita kwa Absalom, ine ndikuwaperekeza. Sanafune kubwezeredwa kalikonse. Anangofuna kuti Absalom anene pamaso pa anthu kuti utoto uja analemba ndi iye.

"Ba Sakala, pali amene wafa?" anafunsa Absalom, akutokosa m'mano. "Sikisi pensi yokha mumafuna ng'ombe yonse ndi mchira womwe? Awe mukwai, ayi ndithu. Muno munthu amadzisankhira yekha. Ngati akazi anu sadziwa kusankha, mlandu si wanga."



"Absalom," anatero apongozi motsitsa mawu, "udzadya ndi supuni yanga."

Patapita mwezi anatulukira m'sitolomo Loweruka m'mawa, atavala jekete la kutchalitchi, supuni ili pachifuwa. Mayi wina, Febby Daka, anali atanyamula chitini cholembedwa NSOMBA. Apongozi anachipempha, nachikhazika pachikhatho, chala chachikulu chikuchisisita kunsi ngati akutonthoza khanda. Anagogoda katatu natseka maso.

"Mayi, ana anu amakonda kudyera mapichesi nsima?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye lero agona ndi njala."

Febby analipira, nachitsegula pakhomo pomwepo. Anali mapichesi. Chachiwiri, cha JAMU, apongozi anati ndi nandolo, ndipo anali nandolo. Pofika masana anthu anali atapanga mzere wina, wautali kuposa wa pamalo olipirira, aliyense atanyamula chitini ngati akupita nacho ku sikelo.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Absalom n'chakuti apongozi sankanama. Ankauza anthu kuti shuga wa pa Tsikatsika ndi yemweyo wa m'tauni, ndipo wokagula kumeneko ndi wopusa. Mpunga ankauyamikira. Chitini chopindika ankati chilibe vuto, koma chotupa ankachiika pansi osachigogoda n'komwe, kuti chingaphulike. Za masoseji ankati anawamvetsera bwinobwino ndipo m'katimo simunadutsepo nyama iliyonse yodziwika ku Zambia.

"Kutchipa sindidana nako," ankatero. "Tonse tili ndi ana. Ndimadana ndi utoto."

Absalom anawathamangitsa Loweruka lina, ndipo anthu onse anatuluka nawo n'kusiya mabasiketi pansi. Anagula wailesi yaikulu n'kumatsegula rumba mpaka mashelefu kunjenjemera, kuti kugogoda kusamveke. Apongozi analondolabe chitini chilichonse, phazi likuvina. Pa Khirisimasi anawatumizira nkhuku yonenepa. Apongozi anaigogoda pamsana, naibweza ndi uthenga wakuti akukayikira ngati ndi nkhuku.

Zinayenda choncho zaka zitatu. Kopa wa m'migodi anali atakwera mtengo, malipiro akukwera, ndipo Absalom anamanga sitolo yachiwiri ku Lubuto, ku Ndola. Kenako anamva kuti apongozi akufunsa nthawi imene basi ya ku Ndola imanyamuka. Anabwera kunyumba yekha, thukuta lili kamukamu.

"Ba Sakala, tithetse nkhani iyi. Zitini teni. Ndizipaka utoto wakuda, inu tikumangani m'maso. Mukaphonya chimodzi, musadzapondenso m'sitolo yanga, ya kuno kapena ya ku Ndola."

"Ndikalondola zonse?"

"Nenani."

"Chitini chomaliza udya iwe, chilichonse chili m'menemo, ndi supuni iyi. Ukamaliza unene amene analemba NG'OMBE pa zitini za ukwati wa mwana wanga."

Absalom anavomera msanga. Ankakhulupirira kuti zitini za agalu zinatha kalekale, ndipo choipa chimene akanadya chinali nandolo.

Tsikulo kutsogolo kwa Tsikatsika kunadzaza ngati kuli mpira. Ena anakwera pa denga la basi. Mayi Edna anabwera, koyamba pa zaka zitatu kuima pagulu, naima kumbuyo atafunda chitenje kumutu. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa apongozi akanaphonya, kuuwa kuja kukanayambiranso, ndipo sindikhulupirira kuti mayi Edna akanapiriranso kachiwiri.

Anawamanga nsalu m'maso. Chitini choyamba pachikhatho, chala kunsi, gogodo katatu. Nyemba. Anatsegula, nyemba. Mkaka. Nsomba. Mapichesi. Chachisanu anati ndi supu amene ngakhale azungu anamukana. Anthu ankawerenga mofuula mu Chibemba ndi Chingerezi, ndipo pofika pa chachisanu ndi chinayi Absalom anali atamasula tayi.

Chakhumi anachigogoda kamodzi kokha.  Kenako anadzimasula nsalu ija, nayang'ana kumbuyo kwa gulu.

"Edna, sendera kuno. Mlendo wathu wa paukwati wabweranso."

Amalume a Ackson, amene anali atadziika okha kukhala mboni, ananunkhiza nagwedeza mutu kuvomereza. Absalom anasanduka phulusa kumaso. Munthuyo kuyambira pachiyambi sankadziwa zimene zili m'zitini zake, ankangolemba chimene anthu akufuna sabata imeneyo.

"Ba mayo," anatero kwa mayi Edna, "mwina titenthetseko pang'ono."

"Ife tinaikamo anyezi ndi kale," anayankha mayi Edna, akumupatsa supuni ya amuna awo. "Inu mudya mmene munagulitsira."

Anadya. Mafuta oundana aja ankamukakamira m'kamwa, maso ali gwa, koma mayi Edna anaima pomwepo mpaka supuni inakanda pansi pa chitini. Atamaliza ananena, koyamba motsitsa, kachiwiri mokweza apongozi atanena kuti sanamve, kuti utoto uja analemba ndi iye, ndipo mayi Sakala analibe mlandu uliwonse. Ndikuvomera kuti woyamba kumuuwa Absalom tsikulo ndinali ine. Ndinauwa ndi mtima wonse, ndipo sindinakaulule tchimo limenelo kwa ansembe chifukwa sindinalape.

Lamulungu lotsatira mapoto a mpingo anabwerera kunyumba kwa mayi Edna, atawatsuka mpaka kung'anima. Absalom anataya utoto wofiira. Zitini zamaliseche anaziunjika pakona, naikapo chikwangwani chakuti SITIKUDZIWA, FAIFI NGWEE, ndipo zinkagulidwa kuposa kale.

Apongozi anamwalira mu 1974 ndi chifuwa cha m'mgodi. Chaka chomaliza anaonda kwambiri, supuni ija n'kumaoneka yaikulu pachifuwa pawo. Pa maliro Absalom sanabwere, koma anatumiza katoni ya zitini makumi anayi za chipepeso, zopanda mapepala. Anthu anayang'anizana, popeza wozimvetsera anali m'bokosi.

Titabwera kumanda mayi Edna anandiitana kuseri kwa nyumba kuti ndiwanyamulire katoniyo. Anatulutsa chitini chimodzi, nachikhazika pachikhatho, chala chachikulu chikusisita kunsi. Sanagogode.

"Ng'ombe yeniyeni," anatero. Anatenga china. "Iyinso."

"Amayi, mwadziwa bwanji opanda supuni?"

Anaseka koyamba sabata imeneyo, misozi ili m'masaya.

"Wesley, mwana wanga, apongozi ako anagontha khutu lakumanja usanamuone n'komwe Leah. Lakumanzere linkamva belu la tchalitchi lokha. Makina a pansi anawamaliza. Sunaone kuti ankakuyang'ana pakamwa ukamalankhula?"

Anandigwiritsa kunsi kwa chitini, ndipo ndinamva timanambala totukuka pa chitsulo. Anati tsiku lotsatira ukwati wathu, akutsuka zitini zija akulira, anaona kuti zonse makumi anayi zili ndi nambala imodzi. Kuyambira pamenepo ankatuma amuna awo kukagula chitini chimodzichimodzi, kutsegula, n'kusunga chitsulo chake m'thumba la pansi pa bedi. Mwezi wathunthu anawaphunzitsa ndi chala mpaka analoweza. Za supuni anaganiza okha amuna awo, kuti Absalom azilimbana ndi makutu.

"Ine ndinalibe nkhope yoima nayo pagulu," anatero. "Iwo anaima m'malo mwanga Loweruka lililonse, zaka zitatu, atatopa ndi shifiti."

Zitini zonse zinali za ng'ombe yabwino, ya m'masitolo a m'tauni. Ndinati tiphikire anthu a pamaliro. Mayi Edna anakana. Anandiuza nditsegule zonse makumi anayi, ndikhuthulire pa lata kuseri kwa mpanda, kenako anaimba mluzu. Agalu a ku Chimwemwe anabwera ndi abale awo.

"Tinawadyera chakudya chawo pa ukwati wako," anatero. "Ukamuuze Absalom kuti chipepeso chake chafika kwa eni ake."

Ndinakamuuza tsiku lomwelo, ndipo sindinachotsepo liwu limodzi.

Masiku ano zitini zimabwera ndi mapepala okongola, ng'ombe itajambulidwa ikumwetulira, ndipo anthu amangoponya m'basiketi osafunsa. Loweruka m'sitolo mumangomveka wailesi. Palibenso mzere wachiwiri, palibe woti akuuze kuti shuga uyu gula, soseji uyu thawa. Supuni ija anandisiyira ine. Nthawi zina ndimapita nayo, n'kugogoda chitini katatu, n'kutseka maso. Makutu anga onse awiri ndi abwino, koma sindimva kalikonse, ndipo ndimawasowa kwambiri apongozi anga.