Lilime Lomwe Linapeza Mudzi Wakale

Ndani wanena kuti kumudzi wakale kuja si kumudzi wakale? Ndamva ndithu, makutu angawa ndi okalamba koma sanagonthe. Inu bambo a chipewa choyera, mwati kumene timapita kukalambula manda chaka ndi chaka kuja ndi munda wa anyani chabe, eti? Khalani pansi, chapa, minibasi ya ku Cuamba ija, sibwera msanga, ndipo ikabwera ikhala yodzaza. Ine ndine Fabiyano, mlimi wa fodya wa konkuno ku Itepela, ndipo mudzi umenewo anaupeza ndine, osati ndi maso kapena ndi telefoni, koma ndi lilime ili mukulionali. Ngati ndikunama, mvula ya chaka chino ilumphe munda wanga wokha.

Ana a masiku ano mumayesa kuti tonsefe tinabadwira pamsewu pano. Ayi. Ife tinabadwira kuseri kwa mapiri awo, m'mudzi momwe tchalitchi cha udzu ndi mzikiti wa udzu zinkayang'anizana, chitsime chili pakati. Nkhondo ija itafika tinathawira ku Malawi, ndipo pobwerera panalibe wofuna kulowanso kutchire, tonse tinamanga m'mbali mwa msewu. Zaka zinapita, tchire linameza mudzi, mitengo inamera m'zipinda zogona, kamtsinje kanasintha njira, moti ukafunsa akuluakulu atatu kumene kunali mudzi, zala zinkaloza mbali zinayi.

Ndiye kunali mnzanga wa paubwana, Che Amidu, telala wa Chisilamu. Tinathawa limodzi, tinabwerera limodzi, ndipo ankandisokera mathalauza omwe mwendo wina unkafika kumwamba msanga kuposa unzake. Chaka china, mvula ili pafupi, mango atayamba kupsa, anadwala matenda osadzuka nawo. Anaitana mwana wake wamkazi, Abiti Amidu, nati, “Mukandiike pafupi ndi mayi anga, kumudzi wakale. Kupanda apo, ine sindifa.”

Ndipo sanafedi. Mukumva? Imfa inabwera pa nthawi yake, inaodira pakhomo, Che Amidu anaiuza kuti idikire panja, ndipo inakhala pakhonde, inadikira, inadikira mpaka inatopa n'kuyamba kuthandiza azimayi kutong'ola chimanga, ndipo poti inali itatanganidwa pamenepo, kuyambira ku Mitande mpaka ku Mandimba kunalibe wofa, okhoma mabokosi anayamba kukhoma mipando, udzudzu ukauomba unkangodzikutumula n'kuuluka, ndipo shehe wina atazinga mbuzi ya ukwati, mbuziyo inadzuka n'kukapitiriza kudya udzu. Anthu ankaseka, koma ine sindinkaseka. Mnzanga anali atatha, mafupa okhaokha, akumva ululu womwe sindingaufunire ngakhale wondibera fodya m'chigafa. Achinyamata analowa m'tchire ndi zikwanje n'kubwerako ndi nkhupakupa basi. Pomaliza Abiti Amidu anabwera kwathu, nagwada pakhomo, nati, “Bambo Fabiyano, anzanu akuvutika. Akuti inu ndi amene mungapapeze, poti mumadziwa mudzi wonse uja ndi pakamwa.”

Pamenepo mnzanga sananame. Tili ana, ine ndi Amidu tinadya mango a pabwalo lililonse m'mudzimo, eni ake alipo kapena palibe, ndipo ine ndinabadwa ndi lilime losaiwala. Lilime limeneli linkati likalawa madzi linkatchula amene watunga ndi amene anakangana naye kuchitsime. Tsiku lina ku Cuamba anthu atatopa kudikira komboyo, sitima ya pamtunda ija, ndinagwada n'kunyambita njanji, ndipo ndinawauza kuti apite akagone, poti woyendetsa wadya nyemba zosapsa ndipo akuima pa thengo lililonse. Funsani a ku Cuamba, akale onse amandidziwa. Tsono ndinaganiza kuti nyumba zimagwa, njira zimafafanizika, koma mtengo wa mango suthawa nkhondo. Pomwe pali mango pamakhala kuti panali munthu.

M'mawa mwake ndinavala nsapato za matayala, ndinaima kumbuyo kwa chigafa changa n'kutulutsa lilime kuti lilawe mphepo. Kumpoto linamva utsi wa makala, kummwera nsomba za ku Amaramba zikuuma pathandala, koma cha kuvuma, pansipansi, kunali kakukoma kakang'ono ka mango akupsa popanda wowathyola. Ndinatsata kakukomako lilime lili panja, kukwera phiri n'kutsika, kuwoloka madambo, lilime likauma ndinkaliviika mumtsinje, ndipo polizula linkatuluka ndi milamba iwiri itatu itaganiza kuti ndi nyambo, ndiye chakudya cha paulendo sichinandivute. Dzuwa lili pamutu ndinatola njere ya mango yomwe nyani anaisiya atayamwa. Nditainyambita, ndinaizindikira pomwepo. Anali kalisere wa a Sitefano, mphunzitsi wathu wa katekisimu, wonunkhira palafini pang'ono chifukwa akazi awo ankapukutira nyali ya tchalitchi pansi pa mtengowo.

Apa mpomwe ine ndimadabwa mpaka lero, ndipo ngati pali wophunzira pano andiuze. Mtengo umasunga bwanji zomwe munthu anatayira pansi pake kalekale? Mayi aja anamwalira ku Malawi, nyali ija inasweka, tchalitchi chinadyedwa ndi chiswe, koma palafini wawo akadali m'mango. Amakhala kuti nthawi yonseyi, m'mizu kapena m'khungwa? Nanga ifeyo, zomwe timataya kuseri kwa nyumba zathu pamsewu pano, adzazilawa ndani?

Ndikuganiza zimenezo ndinangozindikira ndalowa m'nkhalango ya mango yokhayokha, mdima wa masamba, pansi pali phalaphala, ndipo pamwamba pali anyani osawerengeka, onenepa, a ubweya wonyezimira, omwe chibadwire anali asanaonepo munthu. Wamkulu wawo, wa imvi m'masaya, anakuwa kamodzi, ndipo onse anayamba kundigenda ndi mango. Mukuganiza ndinathawa? Ndinayasama. Mango aliwonse obwera ndinkawawakha ndi pakamwa, kuluma kamodzi, n'kufuula dzina la mwini wake: awa a Abiti Saidi, onunkha nsomba poti amuna awo ankakwirira mitu ya nsomba patsinde, awa a Lukasi wosula makasu, omva dzimbiri, omwe ananditsala pang'ono kundithyola dzino, awa a amwalimu a kumadrasa, okoma inki ya pamatabwa omwe ana ankatsukira pamenepo, awa a azakhali anga ophika kachasu, omwe nditaluma kawiri ndinayamba kuona anyani awiriawiri. Anyaniwo anadabwa, mkwiyo unawathera, anayamba kuchita dala, wina kuthamangira ku mtengo wakutali kukathyola n'kudzandiponyera kuti aone ngati ndiphonye, ndipo ndikatchula dzina ankayang'anana n'kugwedeza mitu. Mukumva? Anyani ankaphunzira mbiri ya mudzi wathu kwa ine.

Koma ntchito sinali yophweka monga mukuganizira. Mitengo ija inali itabereka ana, ana n'kubereka adzukulu, ndipo pokhala yokha zaka zonsezo inakwatirana osafunsa ankhoswe. Unkaluma mango kumva palafini kumutu, inki kumchira, n'kudziwa kuti mtengo wa katekisimu unakwatira wa kumadrasa, ndipo palibe anakangana. Ndinayenera kutsata mtundu uliwonse kuchokera kwa mdzukulu, kupita kwa mayi, mpaka kukafika pa tsinde lakale lenileni, n'kuzika kamtengo pamenepo kuti apa panali pakhomo pa uje. Ndinadya dodo, ndinadya maboloma, ndinadya akupsa, aawisi ndi ofumbwa, mpaka thukuta langa linasanduka madzi a mango, malaya anamatirira pamsana, njuchi zinamanga chisa m'chipewa changa chili kumutu, ndipo nditagona pang'ono kuti mimba ipume, nyerere zinandinyamula n'kuyamba kupita nane kwawo, mwayi nkuti phazi linakola pa muzu. Pang'ono ndi pang'ono mudzi unayamba kuoneka. Ndinaima pomwe panali tchalitchi, ndinaona pomwe panali mzikiti, ndipo pakati pake, nditapalasa masamba, ndinapeza miyala ya chitsime. Ndinakhala pamiyalapo n'kulira, sindibisa.

Mtengo womwe ndinkaufuna unali usanapezeke. Mayi ake a Amidu anali mayi aukali, ndipo ankasinjira tsabola pansi pa mtengo wawo n'kutayira pomwepo madzi otsukira mtondo, dala, kuti ife ana tileke kuwathyolera. Mango awo ankatsekemera polowa, koma akafika pakhosi ankaluma. Nyumba yawo inali yomalizira, ndipo kuchokera pamenepo kanjira kankatsikira kumanda. Ndinalawa mtengo ndi mtengo osamva tsabola, mkamwa mutachita zilonda, ndipo mantha anandigwira kuti mwina mtengowo unapsa ndi moto wolusa, ndikamuuza chiyani mnzanga? Ndiye ndinaona mtengo umodzi kumapeto, waukulu, nthambi zikulemera mpaka pansi, pansi pake popanda njere yoyamwidwa ngakhale imodzi. Anyani onse ankaulambalala. Nditayandikira, wa imvi uja anandigwira mkono n'kupukusa mutu. Ndinathyola, ndinaluma, kutsekemera kunalowa, kenako pakhosi panayaka moto woti utsi unatulukira m'makutu, njuchi za m'chipewa zinakomoka, ndipo ine ndinavina ndekha m'tchire muja ngati mwana.

Kutsika pang'ono ndinawapeza manda, atakwiririka ndi masamba. Mbali ina miyala ya Asilamu, wa kumutu ndi wa kumiyendo, mbali ina timitanda tachitsulo tadzimbiri, kanjira kali pakati monga kale. A mayi a Amidu anali koyambirira, pomwe ndinawaona akuikidwa ndili mnyamata, ndipo pambali pawo panali malo.

Ndinathyola mango amodzi okha n'kuwamanga pa nsonga ya malaya. Pobwerera ndinkasenda makungwa a mitengo kuti njira idziwike, ndipo nditatulukira pamsewu ndinali nditachita chikasu thupi lonse moti agalu ankathawa, ana akufuula kuti dzungu likuyenda. Ndinafika kwa Che Amidu dzuwa litapendeka. Imfa inali pakhonde pomwe paja, chitsononkho kumanja, ndipo inandipatsa njira. M'nyumbamo mnzanga anali atagona maso ali kudenga. Abiti Amidu anadula kachidutswa n'kufinyira madzi pamilomo ya bambo ake. Tinadikira. Kenako nkhope inakwinyika, anatsokomola, misozi inatsika, ndipo anaseka, kuseka kwake kuja kwa mano apansi okha.

“Iwe Fabiyano, moyo wako wonse ndiwe wabodza,” anatero. “Koma awa ndi a amayi.”

Anapempha madzi, anatchula mawu a chikhulupiriro chake, ndipo anauza mwana wake kuti mlendo wa pakhonde uja angathe kulowa.

M'mawa mwake ife Akhristu tinatsogola ndi zikwanje, kulambula njira, Asilamu ali pambuyo kulandirana jeneza, chithatha cha maliro, paphewa, mudzi wonse wa amuna uli pamzere m'tchire momwe ena anali asanapondemo chibadwire. Pofika, akuluakulu ankangoima pansi pa mitengo, wina kugwira tsinde, wina kuitana mwana wake kuti, “Taona, iwe unabadwira apa.” Shehe akupemphera ine ndinaima chapatali, chipewa kumanja, ndipo mnzanga tinamugoneka pafupi ndi mayi ake. Kuyambira chaka chimenecho mango akapsa timapita tonse, a kutchalitchi ndi a kumzikiti, kulambula manda mbali zonse ziwiri, kenako banja lililonse limakakhala pansi pa mtengo wake n'kumadya, anyani akutiyang'ana pamwamba.

Mukuti chiyani mayi inu ogulitsa mango? Ndilawe awiri awo, ndinene a ku Mitande ndi ati, a konkuno ndi ati, kuti bambo a chipewawa akhulupirire? Bwezani m'beseni mwanu, musawononge malonda. Sindingathe. Tsiku lomwe tinamuika Amidu ndinabwera kunyumba, akazi anga anandipatsa tiyi, ndinafunsa chifukwa chake sanathire shuga, pomwe anali atathira kawiri. Kuchokera pamenepo mchere ndi uchi kwa ine n'chimodzimodzi. Chaka chilichonse ndimakhala pansi pa mtengo wa tsabola uja ndekha, poti palibe wina amaufuna, ndimadya mpaka kukhuta, ndipo pakhosi sipamva kanthu. Sekani ngati mukufuna, nenani kuti wabodza wasowa pothawira. Koma paja ndi pamudzi pathu, ndipo ine mukadzandiike pomwepo, tsidya la kanjira, moyang'anizana ndi mnzanga.