Mbewu ya Apongozi Inathera M'chiwaya

Mpaka lero ndikamadutsa pa mjigo ku Lifidzi, azimayi amatsinana n'kumaseka. Asiyeni aseke, koma ine ndikuti panalibe wondichenjeza!

Ndinakulira m'tauni ku Tete, komwe kachewere timangomuonera m'mbale. Kumeneko ndinachita kursu ya zokopa alendo, n'kulemba chibuku chonenepa cha momwe alendo angachezere m'midzi osawononga chilengedwe. Mutu umene ndinkaunyadira unali wakuti chakudya chisamatayidwe. Nditakwatira ku Lifidzi ndinati eya, nzeru zija zigwire ntchito tsopano.

Alendo anga oyamba, aturista asanu a ku Maputo, anafika Loweruka, mkazi wanga ndi apongozi atapita kumaliro ku Domwe. Pofunafuna chowaphikira, ndinapeza kachewere atayalidwa pansi m'kachipinda ka kuseri: wamng'onowamng'ono, wofota, wophuka kale. Mtima unandiwawa. Chakudya chonsechi kungochisiya chiwole!

Ndinawaphunzitsa alendowo ola lathunthu (manja kumbuyo, ngati pulofesa) za kuipa kowononga chakudya. Tinasenda limodzi, tinakazinga, anajambula zithunzi. Kachewereyo ankawawa pang'ono, koma ndinati ndiko kukoma kwa kumapiri. Wotsala ndinawalongedzera m'matumba.

Lamulungu apongozi analowa m'kachipinda muja. Kunangomveka, "Mayo ine!" Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, ndiye anandifulatira n'kumalankhula ndi mwana wawo, ine ndili pompo.

"Nabanda, tawafunsa a dotolo, mbewu yanga ili kuti?"

"Mbewu?" ndinanong'oneza mkazi wanga. "Zofota zija?"

"Inu bambo inu! Kachewere wodzala amayamba waphuka. Amayi amusunga chikololereni, mizere akonza kale kudimba!"

Ndinapsa mtima, sindinama. Chinthu chofunika chotero osaikapo ngakhale chizindikiro? Ndinatulutsa chibuku changa kuti aone tsamba lonena za kuganizira mibadwo ya m'tsogolo. Mkazi wanga anawapatsira. Anachilandira ndi manja awiri, n'kuchiyesa kulemera.

"Nabanda, uwauze mawa alawirire kudimba. Akadzale chimenechi. Ndicho tidye chaka chino."

Ndinalawiradi, koma kukalima m'madimba a eni masabata atatu kuti atigawireko mbewu. Manja anatuluka matuza, dipuloma ili m'nyumba.

Mbewu yatsopanoyo ili m'kachipinda komweko. Pachitseko pali loko, kiyi amayenda naye m'khosi apongozi. Koma chizindikiro chija, mpaka pano sanaikebe!